Kuyambitsa Dimba la Ndiwo Zamasamba la Anthu a M'dera Limodzi ku Lusaka

Musanakonze bedi loyamba, gwirizanani za madzi, chifukwa ku Lusaka mvula imaleka cha mu Epulo ndipo imayambanso mu Novembala. Dimba limene lili kutali ndi chitsime limafooketsa msanga anthu odzipereka, choncho lembani mayina a othirira m'mawa ndi madzulo.

Nthaka musamaigaule kwambiri. Unjikani udzu wouma, zotsala za masamba ndi zitosi za nkhuku, muzitembenuza muluwo masabata awiri alionse mpaka usanduke manyowa akuda, kenako phimbirani mabedi ndi udzu kuti chinyezi chisathe. Repu amakula bwino m'nyengo yozizira, ndipo akatha, bzalanipo nyemba kapena khobwe, zomwe zimabwezeretsa chonde. Zokolola muziyamba mwagawana, ndipo zotsala zokha ndizo muzikagulitsa ku msika wa Soweto.