Momwe mungadziwire ngati mwanapiye ndi tambala kapena msoti

Mukagula anapiye 10 kuti mudzatole mazira, kenako 6 n'kuyamba kulira kokoliliko m'bandakucha, madeya anu amakhala apita pachabe. Nkhuku za Mikolongwe, zomwe dzina lake lina ndi Black Australorp, ndiye zimapusitsa kwambiri poti zikamera nthenga zonse zimada bii. Koma zizindikiro zilipo, bola muziyang'ana pa nthawi yake.

Yambani ndi kudziwa msinkhu wa anapiyewo. Asanakwane masabata atatu musadzivutitse, amafanana onse. Kupatula anapiye a nkhuku zofiirira zamazira za ku kampani: aakazi amaswedwa ofiirira, aamuna oyererako. Zachikuda mtundu wa nthenga sunena kanthu. Akatswiri a kumalo oswetsera amatha kudziwa poyang'ana kotulukira chitosi pa tsiku loyamba, koma inu musayesere, mungamuvulaze mwanapiyeyo pomufinya.

Akafika masabata 5 mpaka 8, sonkhanitsani oswedwa tsiku limodzi ndi a mtundu umodzi, muwaone poyera dzuwa likuwala. Kuyang'ana mmodzi payekha n'kumene kumasokeretsa anthu. Onani lipombo ndi timinofu tolendewera kunsi kwa mlomo. Pa katambala zimakula msanga ndi kufiira, pamene pa kamsoti lipombo limakhala laling'ono, lotuwa kapena lachikasu. La msoti limadzafiira akatsala pang'ono kuyamba kuikira, cha m'ma miyezi 5 kapena 6, zachikuda nthawi zina mochedwerapo. Choncho lipombo lofiira psuu pa mwanapiye wa masabata 6, ameneyo muwerengereni kwa atambala.

Kenako miyendo. Ya katambala imakhala yonenepa ndi yaitali, ndipo kamaima chonjola, khosi m'mwamba. Zoti amene akumenyana ndi atambala musazikhulupirire kwenikweni, misoti nayo imajomphana polimbirana chakudya.

Chizindikiro chomwe ine ndimachidalira ndi nthenga, ngakhale chimafuna kudikira mpaka masabata 12 kapena 16. Gwirani nkhukuyo madzulo italowa m'khola, nthawi yomwe sivuta kugwira. Lowetsani kapepala koyera pansi pa nthenga za pamsana pafupi ndi mchira kuti nsonga zake zioneke. Za chipsolopsolo zimakhala zazitali, zosongoka, zonyezimira, ndipo zimagwera m'mbali. Za msoti n'zazifupi, zozungulira kunsonga. Nthenga za m'khosi nazo n'chimodzimodzi, kupatula kwa kameta amene khosi lake lili mbee. Ameneyo muoneni pamsana basi. Ku mchira, tambala amatulutsa nthenga zopindika ngati chikwakwa.

Agogo ena amati dzira losongoka limaswa tambala, ena amati mumugwire mwanapiye miyendo chadodolido muone ngati adzutse mutu. Zonsezo n'kulotera chabe, ndipo kumuzondotsako kumangomuzunza.

Amene mwamukayikira mumangeni kaulusi komasuka kumwendo, muzikamasula akamakula, mudzamuonenso pakatha masabata awiri. Pofika miyezi 4 kapena 5 atambala amadziulula okha ndi kulira kosasa mawu kuja. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10, ndiye sankhani wamphamvu ndi wokula bwino, otsalawo muwanenepetse padera kuti apite kumsika kapena mumphika alendo akabwera.