Ulendo wa kumapiri: ganizirani mabuleki musanaganizire tenti

Amene mukukonza zokagona m'matenti kumapiri nyengo yotentha ino, yambani mwaona mabuleki. Galimoto yodzaza anthu, madzi ndi katundu imalemera, ndipo mukamatsika mtsetse wautali phazi lili pa buleki osachotsa, mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Ikani giya 2 kapena 3 kuti injini izithandiza kubweza liwiro. Galimoto zambiri za otomatiki nazo zili ndi giya yotsika yolembedwa L kapena 2, kungoti eni ake saigwiritsa ntchito. Mukamva fungo lopserera, imani pambali mabuleki azizire. Pokwera chitunda injini ikatentha kwambiri, musathamangire kutsegula radiyeta, madzi owira amathovokera kumaso.

Mafuta thirani thanki ikangofika theka, chifukwa m'matauni ang'onoang'ono malo omwetsera mafuta amatha kukhala amodzi okha, otsekanso dzuwa likangolowa. Mapu sungiranitu mufoni, netiweki imasowa m'zigwa.

Musanyengedwe ndi thukuta la masana. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, choncho bulangeti ndi juzi zisatsale.

Tenti musakhome mumtsinje wouma, ngakhale mchenga wake utaoneka wofewa bwanji. Mvula ikagwa kumtunda, inu osaiona n'komwe, madzi amatsika mwadzidzidzi usiku. Ndipo kuzizire chotani, mbaula kapena chitofu cha gasi chisalowe m'tenti: chimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo.