Musanapereke ndalama kwa ajenti wa ntchito za m'sitima zapanyanja

Abale anga amene muli ku Cape Town ndi ku Durban, ndikulemba izi chifukwa anyamata atatu akwathu andifunsa posachedwapa za ntchito ya m'sitima zapanyanja, ndipo onse atatu anali atapatsidwa kale nambala ya munthu amene akuti amalowetsa anthu ntchito. Chimene chimakopa ndikuchidziwa. Munthu amene watha zaka zisanu akusamalira maluwa ku Constantia kapena kutsuka mbale mu lesitilanti akamva kuti pa sitima amalipira madola, komanso kuti chakudya ndi pogona n'zaulere, amayamba kuwerenga malata a nyumba ya kumudzi. Inenso ndinawerenga malatawo, ndipo mapeto ake ndinataya ndalama zimene ndinasunga kwa chaka chathunthu, ntchito imene ndinali nayo, komanso pasipoti yanga inakhala m'manja mwa munthu wina kwa milungu 11.

Ofesi yake inali m'chipinda chapamwamba, pafupi ndi pokwerera mataxi, ndipo pakhoma panali zithunzi zikuluzikulu za sitima zonyamula makontena. Bambo amene anandilandira anali waulemu kwambiri, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kundiuza kuti Amalawi amawakonda chifukwa ndi anthu olimbikira ndiponso osavuta. Mawu amenewo anandisangalatsa tsiku limenelo, koma lero ndimawamva mwina: ankatanthauza kuti sitifunsa mafunso. Anati ndilipire R6,500 yolembetsera dzina, ndipo patatha milungu iwiri anafunanso R2,800 ya viza, n'kutenga pasipoti yanga kuti akakonzere mapepala. Lisiti imene anandipatsa inachokera m'kabuku kamene aliyense angagule m'sitolo, yopanda dzina la kampani, yopanda chidindo. Kontrakiti inali masamba awiri, ndipo pamene panayenera kulembedwa dzina la sitima panali posalemba kanthu. Nditafunsa, anati dzinalo adzalemba sitima ikafika padoko sabata yamawa.

Sabata yamawayo sinafike. Ndinatsanzika kwa abwana anga akale chifukwa anandiuza kuti ndikhale wokonzeka usana ndi usiku, ndipo ndinapita ku ofesi ija kasanu ndi kanayi, ulendo uliwonse ndikubwerako ndi nkhani yatsopano: sitima yachedwa ku Walvis Bay, kapitawo wadwala, mapepala ali ku Pretoria. Ulendo womaliza ndinapeza chitseko chili ndi loko wamkulu ndipo zithunzi zija zitachotsedwa. Mlonda wa nyumbayo ndi amene anandimvera chisoni, n'kutulutsa jumbo m'kabati yake, momwe munali mapasipoti omangidwa ndi labala, ena a ku Tanzania, ena a ku Mozambique, ena akwathu. Yanga inali yachinayi kuchokera pamwamba. Kupolisi sindinapite chifukwa pemiti yanga inali itatsala pang'ono kutha, ndipo munthu uja ankadziwa zimenezo kuyambira tsiku limene anatsegula pasipotiyo pamaso panga.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti lamulo loletsa zonsezi linalipo kale, ine osalidziwa. Pangano la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, lotchedwa Maritime Labour Convention, limene linavomerezedwa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito pa 20 August 2013, limanena mosabisa kuti ajenti asalipiritse mmalinyero ndalama iliyonse chifukwa chomupezera ntchito. Zimene mungalipire nokha ndi pasipoti yanu, buku lanu la umalinyero ndi chikalata cha dokotala basi, ndipo ndalama ya viza amalipira ndi mwini sitima. Dziko la South Africa linasaina panganoli mu 2013. Choncho munthu akangotchula ndalama yolembetsera, ya malo kapena yofulumizitsira mapepala, imirirani muzipita, ngakhale atakhala wa mpingo wanu kapena wa kumudzi kwanu. Ndikunena zimenezi mokalipa chifukwa ndikudziwa kuti ena muwerenga n'kunena kuti wanuyo ndi wosiyana ndi wanga uja. Pasipoti musasiyire munthu aliyense, mupatseni fotokope.

Za maphunziro sindichulutsa mawu. Pamafunika satifiketi ya STCW ya maphunziro oyambirira, ophunzitsa kudzipulumutsa m'madzi, kuzimitsa moto, chithandizo choyamba ndi chitetezo pantchito, ndipo muchitire pasukulu yovomerezedwa ndi SAMSA, bungwe loyang'anira chitetezo cha panyanja ku South Africa. Chikalata cha dokotala chimagwira ntchito zaka zosapitirira ziwiri. Kukulira ku Nkhata Bay kapena kukwera Ilala kambirimbiri sikulowa m'malo mwa mapepala amenewa, ndipo satifiketi yogula pamsewu idzakutsitsani padoko la dziko lachilendo.

Funso limene anthu ambiri safunsa, pomwe ndi lofunika kuposa onse, ndi lakuti sitimayo ndi yonyamula katundu kapena ndi yopha nsomba. Pangano la 2006 lija silikhudza sitima zopha nsomba. Asodzi ali ndi pangano lawo, la ILO nambala 188 la mu 2007, limene linayamba kugwira ntchito mu November 2017, ndipo mayiko amene analisaina ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi lija la sitima za katundu. Ntchito zimene Mmalawi wopanda luso la panyanja amalonjezedwa padoko la Cape Town nthawi zambiri zimakhala za m'sitima zachilendo zopha nsomba ya tuna, zimene zimatha miyezi yambiri osafika pamtunda, ndipo kumeneko n'kumene nkhanza zimachuluka. Kumapeto kwa 2013 asodzi 75 a ku Indonesia anasiyidwa padoko lomwelo osalipidwa, ndipo mapeto ake iwowo ndi amene anatengedwa kupita ku Lindela, malo osungirako alendo amene boma likufuna kuwabweza kwawo. Mu 2018 SAMSA inagwira sitima yachilendo yopha nsomba ku Cape Town pogwiritsa ntchito pangano la nambala 188, ndipo aka kanali koyamba padziko lonse kuti sitima igwidwe pansi pa panganolo. Maganizo anga ndi akuti ngati ndi ulendo wanu woyamba, ndipo malipiro akuti adzadalira kuchuluka kwa nsomba popanda ndalama yokhazikika yolembedwa pamwezi, musakwere.

Malinga ndi pangano la 2006 lija, kontrakiti yeniyeni imakhala ndi dzina ndi adiresi ya mwini sitima, ntchito yanu, malipiro, masiku a tchuthi, ndiponso mmene mudzabwererere kwanu, ndipo muli ndi ufulu woiwerenga ndi kufunsa nzeru kwa ena musanasaine, n'kusunga kope yanuyanu yosainidwa. Malipiro ayenera kubwera mosapitirira mwezi, tchuthi ndi masiku awiri ndi theka pa mwezi uliwonse umene mwagwira, ndipo simuyenera kukwanitsa miyezi 12 muli m'sitima musanabwezedwe kwanu pa ndalama za mwini sitima. Funsaninso nambala ya IMO ya sitimayo, nambala yozindikiritsa sitima padziko lonse, imene imakhala ndi manambala asanu ndi awiri ndipo siisintha ngakhale sitima itasintha dzina kapena mbendera. Mukailemba pa Equasis, webusayiti yaulere ya mbiri za sitima, mudzaona mwini wake, mbendera yake ndi mbiri ya pamene inagwidwapo pamadoko. Ndikanafunsa nambala imeneyo tsiku loyamba lija, bambo uja akanasowa choyankha, ndalama zanga zikanali m'thumba. Mbendera ya Panama, Liberia kapena Marshall Islands isakudabwitseni, chifukwa sitima zambiri zapadziko zimalembetsedwa kumeneko, koma dziwani kuti mukakhala pakati pa nyanja mumakhala pansi pa malamulo a dziko la mbenderayo.

Ngakhale mutapeza sitima yoona, musaganize kuti zolembedwa m'malamulo n'zimene mukapeze. Lamulo limati mmalinyero apume maola osachepera 10 pa maola 24 aliwonse, ndi osachepera 77 pa masiku asanu ndi awiri. Koma ofufuza a World Maritime University, imene ili ku Malmö m'dziko la Sweden, anatulutsa lipoti mu 2020 losonyeza kuti kusintha zolembedwa za maola opuma kuti zioneke zogwirizana ndi lamulo n'chizolowezi chofala, ndipo gwero lake ndi kuchepa kwa antchito m'sitima. Kunena kwina, munthu amagwira ntchito mopitirira malire kenako n'kusaina pepala lonena kuti anapuma mokwanira, ndipo ngozi ikachitika chifukwa cha kutopa, pepala lomwelo limakhala umboni womutsutsa. Khalani ndi kabuku kanu kolembamo maola enieni tsiku lililonse. Kafukufuku wina, wa yunivesite ya Yale mu 2019, anafunsa amalinyero oposa 1,500 ndipo anapeza kuti mmodzi mwa anayi aliwonse anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pomwe mmodzi mwa asanu anali ataganizapo zodzipha. Ife timaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo ndikuopa kuti mwambo umenewo ungapweteke mnyamata amene ali yekha pakati pa anthu osamva chinenero chake, maliro a kumudzi akumupitirira iye ali panyanja. Kumbukiraninso kuti mu 2020, pa nthawi ya Covid-19, amalinyero pafupifupi 400,000 anakanika kutsika m'sitima makontrakiti awo atatha.

Zikavuta muli kale m'sitima, musadikire mwakachetechete poganiza kuti kuleza mtima kudzakulipirani. Kuyambira mu January 2017, mwini sitima akakhala miyezi iwiri osakulipirani, kapena akalephera kukupatsani zofunika pamoyo kapena kukubwezani kwanu, pangano la 2006 lija limati wakutayani, ndipo inshuwalansi imene chikalata chake chiyenera kupachikidwa poonekera m'sitima imalipira malipiro a miyezi yosapitirira inayi pamodzi ndi ulendo wobwerera. Jambulani chikalata chimenecho pafoni tsiku limene mwakwera. Miyezi inayi imeneyo ndi chifukwa chake ndikuti musachedwe, popeza amene wadikira miyezi isanu ndi itatu amavutika kwambiri kupeza theka linalo. Uzani insipekitala wa ITF, chitaganya cha mabungwe a antchito zamtengatenga, kapena imbani SeafarerHelp, lamya yothandiza amalinyero imene imayankha ulele usana ndi usiku. Pamadoko a Cape Town ndi Durban palinso atumiki a Mission to Seafarers ndi Stella Maris, amene amayendera amalinyero posayang'ana mpingo.

Anyamata atatu aja ndawauza kuti abwerere kwa munthu wawoyo opanda ndalama m'thumba ndiponso opanda pasipoti, akamufunse dzina la sitima, nambala yake ya IMO, dzina la mwini wake ndi chiphaso chomulola iyeyo kulemba anthu ntchito za panyanja. Awiri abwera kudzandiuza kuti foni yake yasiya kuyankhidwa. Wachitatu anali atalipira kale theka, ndipo Lolemba ndikumuperekeza kukafuna pasipoti yake.