Mmene Mungafufuzire Zaka Ziwiri za Henry Hunt M'nyumba ya Malamulo ya ku Britain

Amene akufuna kumvetsa ntchito ya Henry Hunt, womenyera ufulu wa anthu wamba wovota ku England, monga phungu ayambe ndi kulemba malire a nthawiyo, pakuti ndi yaifupi kwambiri. Anasankhidwa ku Preston mu Disembala 1830, atagonjetsa Edward Stanley yemwe patsogolo pake anadzakhala nduna yaikulu, ndipo mpandowo unamuchoka pa chisankho cha mu Disembala 1832.

Kenaka funsani chifukwa chake anali anthu a ku Preston amene anamusankha. M'tauni imeneyi pafupifupi mwamuna aliyense wokhazikika ankaponya voti, pomwe m'madera ambiri voti inali ya eni chuma okha. Motero amisiri oluka nsalu, omwe ankakumbukira msonkhano wa ku Manchester wa pa 16 Ogasiti 1819 umene Hunt anali mlankhuli wake wamkulu ndipo asilikali apakavalo anaubalalitsa n'kupha anthu, komanso ukaidi wa Hunt m'ndende ya Ilchester, anali nayo mphamvu yomutumiza ku London.

Mukatero, tsegulani Hansard, kaundula wa zokambirana za aphungu yemwe amapezeka pa intaneti, ndipo mutsate dzina lake kuyambira mu Febuluwale 1831. Chenjerani, chifukwa masiku amenewo kaundulayu sankalemba mawu onse monga anatulukira pakamwa, koma ankatola zambiri m'manyuzipepala. Ndi bwino kuyerekeza zimene mwapeza ndi Poor Man's Guardian, nyuzipepala ya Henry Hetherington yomwe inkalembera anthu apantchito.

Pamene muyenera kudekha kwambiri ndi pa bilu yosintha malamulo a chisankho, imene inakhala lamulo mu 1832. Mudzamupeza Hunt akuidzudzula mobwerezabwereza, ndipo wowerenga mwaphuma angaganize kuti ankadana ndi kusintha. Sizinali choncho ayi. Biluyo inkapereka voti m'matauni kwa okhala m'nyumba zimene mtengo wake wapachaka unkafika mapaundi 10, zomwe zinkasiya kunja anthu ambiri apantchito, pamene iye ankafuna kuti mwamuna aliyense azivota, ndiponso mwachinsinsi. Ine ndikuona kuti pamenepa anaona patali kuposa anzake ambiri omwe ankamunena kuti akusokoneza zinthu.

Musatseke kaundulayo musanafike pa 3 Ogasiti 1832, tsiku limene Hunt anapereka m'nyumbamo pempho la Mary Smith wa ku Yorkshire, lakuti akazi osakwatiwa omwe amakhoma msonkho aloledwe kuvota.