Ngati simungathe kucheza mukuthamanga, mwafulumira

Ambiri a ife tinaphunzira kuthamanga ngati chilango. Ukachedwa ku sukulu, aphunzitsi amati zungulira galaundi katatu, anzako akukuonerera pawindo. Titakula, tinkathamanga pokhapokha galu watilondola, mvula yatipeza panjira kapena minibasi ikutisiya. N'chifukwa chake munthu wamkulu akamathamanga m'mawa kuno ku Chilomoni, amayi amene akusesa pabwalo amaimika tsache n'kufunsa kuti, "Bambo, kwagwanji?"

Ine ndinayamba ndili ndi zaka 43, adokotala atandiuza kuti BP yakwera, komanso mimba inali itayamba kunditsogolera. Tsiku loyamba ndinanyamuka ngati ndaba nkhuku. Sindinafike n'komwe pachigayo. Ndinakhala pamwala ndili wefuwefu, pachifuwa pakutentha, m'nthiti mukubaya. Nsapato zija zinagona kunsi kwa bedi miyezi iwiri. Cholakwa changa chinali liwiro basi, ndipo ndi chomwe ndimachiona kwa pafupifupi aliyense woyamba kumene.

Muyeso wake ndi pakamwa panu. Muzithamanga pa liwiro loti mungathe kufotokozera mnzanu nkhani, chiganizo chonse, osadukiza kuti mukoke mpweya. Mawu akayamba kutuluka limodzilimodzi, dziwani kuti miyendo ikufuna mpweya wochuluka kuposa umene mtima ndi mapapo zikutha kutumiza, ndipo posachedwa muima. Chepetsani. Mudzaona ngati mukuchititsa manyazi, mwina mayi wosenza dengu la tomato wopita kumsika adzakhala akuyenda nanu limodzi. Zisakukhudzeni. Ngakhale Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene anathamanga makilomita 42 pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna m'chaka cha 2019, masiku ambiri pokonzekera amathamanga mofatsa, akucheza ndi anzake. Nanga ine ndi inu phuma n'lachiyani?

Chachiwiri chimene chinandibweza pamsewu ndi kudzilola kuyenda. Ndinkaganiza kuti ukayenda ndiye kuti wagonja. Mphwanga amene amagwira ntchito ku UK ndi amene ananditumizira ndondomeko yotchedwa Couch to 5K, imene inayambitsidwa ndi Josh Clark m'chaka cha 1996 ndipo a zaumoyo kumeneko, a NHS, amalimbikitsa anthu kuitsatira. Sabata yoyamba mumayamba ndi kuyenda mwandawala mphindi 5, kenako kuthamanga masekondi 60, kuyenda masekondi 90, kubwereza chomwecho mpaka mphindi 20 zikwane. Mumatero katatu pa sabata, tsiku lopuma pakati. Masabata akamapita nthawi yothamanga imatalikirako, yoyenda ikucheperachepera, mpaka pa sabata ya 9 mukuthamanga mphindi 30 osaima. Ine zinanditengera masabata 14, chifukwa sabata ikandikanika ndinkaibwereza, ndipo palibe amene anandilipiritsa.

Foni ndinkaisiya kunyumba, kuopa kuipereka kwa eni ake mbandakucha. M'malo mwa wotchi ndinkawerenga mapolo a magetsi: kuthamanga mapolo atatu, kuyenda anayi. Njira imeneyi ndimaikondabe, chifukwa maso amakhala pa polo lotsatira, mutu suganiza za mtunda wonse umene watsala.

Masiku opuma aja musawadye. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha, mawondo ndi mafupa zimachedwa. Ndiye pofika sabata yachitatu mumamva mphamvu, mumafuna kutuluka tsiku lililonse, kenako msongolo wayamba kuwawa. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba kumene kumabwera tsiku lotsatira, n'kukula tsiku lachiwiri, n'kwabwinobwino ndipo kumatha kokha. Koma ululu wobaya malo amodzi, wokutsimphinitsani, umenewo pumulani mpaka uthe. Ndipo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo si zolimbana nazo. Imani, pitani kuchipatala. Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwakambirana ndi adokotala monga ndinachitira ine.

Tsopano chimene chinasandutsa mafizo kukhala chinthu chochiyembekezera ndi munthu. Aneba anga, aphunzitsi opuma pantchito, anandiona ndikuwerenga mapolo tsiku lina n'kunena kuti, "Achimwene, mawa mundigogodere." Kuyambira pamenepo bulangete linasiya kundinyengerera, chifukwa ukadziwa kuti mkulu wako waima pageti 5 koloko, sungagonenso. Timakamba za Bullets ndi Wanderers, za mtengo wa thumba la chimanga, za ana amene sakuimba foni. Nkhani ikakoma mtunda sumveka, ndipo ndi nkhani yomweyo imene imatiuza ngati tafulumira: iwo akangosiya kunditsutsa za mpira, ndimadziwa kuti befu wawagwira, timayenda kaye. Panopa tilipo asanu, awiri ndi amayi, ndipo iwo amanena poyera kuti okha sakanatuluka mdima usanathe. Lamulo lathu ndi limodzi: wotsogola amabwerera kukatenga wotsalira. Abale amene muli ku Joni kapena ku UK muli ndi mwayi wa parkrun, makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, kwaulere, oyenda ndi othamanga pamodzi. Inayamba ndi anthu 13 okha ku Bushy Park mu London m'chaka cha 2004.

Njira muzisinthasintha. Kuzungulira galaundi ya mpira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo n'kothandiza poyeza mtunda, koma ine kumandikumbutsa chilango chija, ndiye sindichedwako. Ndimakonda msewu wadothi wolowera chaku Michiru, wofewa kumapazi kuposa tala, kumene dzuwa limakupeza phiri lili patsogolo pako. Blantyre ndi wa zitunda, ndipo chitunda chikakula muyende, mudzachithamanga chaka chamawa. Pamsewu wa magalimoto khalani kudzanja lamanja kuti muziona zimene zikubwera, muvale chowala, ndipo akabaza a njinga zamoto musawakhulupirire. Zomvera m'makutu, ngati simungathe kukhala opanda nyimbo, ikani khutu limodzi. Galu akakulondolani musathawe, imani, muyang'ane chakumbali, muchoke pang'onopang'ono.

Mu Okutobala tulukani dzuwa lisanatuluke, apo ayi dikirani madzulo. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, vuto ndi mphindi 10 zoyambirira zokha. Valani juzi yoti mutha kuimanga m'chiuno thupi likatentha.

Za nsapato anthu amazikulitsa. Zanga zoyamba ndinagula pakaunjika ku Limbe ndipo zinatumikira chaka chathunthu. Tembenuzani muone pansi pake ngati sipanadyeke mbali imodzi, pindani muone ngati sizinaume, ndipo muyese madzulo pamene phazi lafufumako, mutavala sokosi. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja, apo ayi zikhadabo zidzada. Amayi a m'gulu lathu amati bra yogwira bwino inawathandiza kuposa nsapato. Pamene ntchafu zimakhulana pakani Vaseline musananyamuke, mudzandithokoza posamba.

M'mimba musadzaze. Nthochi imodzi kapena kachidutswa ka mbatata yadzulo ndi kapu ya madzi n'zokwanira pa mphindi 30. Ndinayesapo kuthamanga nditangodya nsima ya nyemba madzulo ena. Nkhani imeneyo sindiifotokoza.

Ndili ndi kalendala ya kutchalitchi kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku limene ndatuluka ndimalichonga ndi bolopeni yofiira. Sindilemba liwiro kapena makilomita. Sabata imene ndajomba chifukwa cha maliro kapena chimfine, ndimabwerera m'mbuyo sabata imodzi pa ndondomeko ija n'kuyambira pamenepo. Amayi a tsache aja anasiya kufunsa kuti kwagwanji. Masiku ano tikadutsa dzuwa litatuluka kale amangoti, "Lerotu mwachedwa, abambo."