Momwe mungayambitsire gulu lokonza chisamaliro m'wodi ya amayi ochira

Mu February 2017, nthumwi za mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, Tanzania, Uganda, Ghana, Ethiopia ndi Bangladesh, zinakumana ku Lilongwe pamodzi ndi mabungwe a WHO ndi UNICEF, ndipo zinagwirizana zochepetsa ndi theka imfa za amayi ndi makanda m'zipatala pa zaka zisanu. Chaka chotsatira, akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet Global Health anapeza kuti m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono, anthu pafupifupi 5 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha chisamaliro chosakwanira ngakhale anafika kuchipatala, pomwe omwalira chifukwa chosafika n'komwe ndi 3.6 miliyoni. Kuuza amayi kuti azikachilira kuchipatala n'kofunika, koma sikukwanira ngati chimene akuchipeza kumeneko chili chopereŵera. Malangizo ali m'munsiwa ndi a mzamba, namwino kapena klinishani amene akufuna kuyamba kukonza zinthu pamalo pake, ndi anthu ndi zipangizo zimene ali nazo kale.

Yambani ndi vuto limodzi lokha, ndipo likhale vuto limene lili m'manja mwanu. Kusowa kwa ambulansi, kuchepa kwa antchito ndi kuthimathima kwa magetsi ndi mavuto enieni oyenera kuwafikitsa ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, koma gulu limene layambira pamenepo limatha miyezi likudandaula kenaka n'kubalalika. Chitsanzo chabwino choyambira ndi kuzizidwa kwa makanda obadwa kumene. Thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika kuposa apa, makamaka kwa mwana wobadwa masiku asanakwane, shuga amatsika, kupuma kumavuta ndipo chiopsezo cha imfa chimakwera. Ngakhale m'madera otentha ngati kuchigwa cha Shire makanda amazizidwa, chifukwa mwana wonyowa amataya kutentha msanga kwambiri.

Gululo lisakhale lalikulu. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwanira. M'zipatala za m'Malawi magulu otere a m'wodi amadziwika kuti WIT, ndipo amathandizidwa ndi gulu la chipatala chonse lotchedwa QIST. Musasankhe akuluakulu okhaokha. Mukhale mzamba wogwira usana ndi wina wogwira usiku, kalaliki wosunga makaundula, komanso wothandiza m'wodi amene amakolopa ndi kunyamula ana, popeza iyeyu amaona zimene ena saziona: amadziwa zenera limene galasi lake linasweka, ndiponso amadziwa nthawi imene magadiyani amatenga mwana mwakachetechete kukam'sambitsa. Ngati n'kotheka, itananinso mmodzi wa komiti ya chipatala yoimira anthu akumudzi.

Musanasinthe kanthu, yesani kaye momwe zinthu zilili. Kwa masabata awiri kapena atatu, khanda lililonse liyezedwe kutentha kwa thupi m'khwapa pakatha ola limodzi chibadwire, ndipo chimene chapezeka chilembedwe pamzere umene mwawonjezera m'kaundula wa m'chipinda chochilira kapena m'kope lapadera. Pamapeto pa sabata werengani ana onse obadwa amoyo, ana amene anayezedwa, ndi amene anapezeka pansi pa 36.5. Kawirikawiri chodabwitsa choyamba chimakhala chakuti ana ambiri sayezedwa n'komwe, ndipo zikatero ntchito yanu yoyamba ndi yomweyo. Mukadziwa pomwe muli, lembani cholinga chokhala ndi nambala ndi tsiku. Tiyerekeze kuti mwapeza ana 40 mwa 100 alionse akuzizidwa: mukhoza kunena kuti mukufuna atsike kufika pa 20 pofika kumapeto kwa miyezi inayi. Mawu akuti "tichepetse kuzizidwa kwa ana" ndi chikhumbo chabe, chifukwa palibe angadziwe ngati chakwaniritsidwa.

Gawo lofuna kudekha kwambiri ndi lofufuza chimene chikuyambitsa vutolo, ndipo silichitikira mu ofesi. Imani m'chipinda chochilira, mayi atavomereza, ndipo tsatirani mwana mmodzi kuyambira pobadwa kufikira pamene wagonekedwa m'wodi. Onani ngati wapukutidwa nthawi yomweyo, ngati chitenje chonyowa chachotsedwa n'kum'funditsa chouma, ngati waikidwa pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu kwa ola lathunthu, kapena watengedwa msanga n'kugonekedwa wamaliseche pasikelo yachitsulo yozizira. Onani ngati wavala chipewa, ngati wayamwa m'kati mwa ola loyamba, ndiponso kutalika kwa khonde limene amadutsa popita kuwodi usiku wa mu June. Pa chilichonse chimene chalakwika funsani kuti "chifukwa chiyani?" kangapo konse mpaka mufike pamuzu. Mwana sanafunditsidwe chouma chifukwa mayi anabwera ndi zitenje ziwiri zokha. Anabwera ndi ziwiri chifukwa kusikelo sanauzidwe kuti abweretse zingati ndi ntchito yake. Sanauzidwe chifukwa maphunziro a m'mawa kusikelo sakhudza nkhaniyi. Mukafika apa, mwapeza chinthu chosinthika.

Pofufuzapo pewani kuloza munthu chala. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, chifukwa mzamba amene wachititsidwa manyazi pamsonkhano amayamba kulemba 36.5 pa mwana aliyense, ndipo kuyambira tsiku limenelo ziwerengero zanu zimakhala zokongola koma zabodza. Mzamba mmodzi akamayang'anira amayi atatu nthawi imodzi, funso loyenera ndi lakuti ntchito ikonzedwe motani kuti choyenera kuchita chikhale chophweka kuchichita.

Kenaka yesani ganizo limodzi pang'ono, motsata njira imene anaitchukitsa W. Edwards Deming, yodziwika ndi zilembo za PDSA: kukonzekera, kuchita, kuunika zotsatira, ndi kusankha chochita. Monga mayi amalawa mchere ndi kasupuni asanapakule ndiwo, inunso musalamule chipatala chonse kusintha musanaone ngati ganizolo likuthandiza. Mzamba mmodzi ayesere pa amayi asanu a pashifiti yake kuti mwana asapite pasikelo mpaka ola litatha. Lemberanitu chimene mukuyembekeza kuona, ndipo mawa lake kambiranani kwa mphindi khumi. Mwina mudzapeza kuti usiku kulemera kwa ana kukuiwalika kulembedwa. Ndiye sinthani pang'ono, muyesenso, kenaka mufalitse kumashifiti onse. Ganizo limene lakanika lisiyeni msanga, chifukwa silinakutayitseni kanthu koposa tsiku limodzi.

Pali zina zimene sizifuna kuyesa kwa nthawi yaitali. Njira ya 5S, imene inachokera m'mafakitale a ku Japan ndipo inafika m'zipatala zathu ndi thandizo la bungwe la JICA, imaphunzitsa kuchotsa zosafunika, kuika chinthu chilichonse pamalo pake polembedwa, ndi kusunga ukhondo. Choyezera kutentha kwa thupi chikakhala ndi malo ake pambali pa bedi lochilira, palibe amathamangira kuwodi ina kukabwereka.

Jambulani tchati papepala lalikulu n'kulimata pakhoma pomwe onse amadutsa, masabata ali m'munsi, chiwerengero cha ana ozizidwa mwa 100 alionse chili m'mbali, ndipo sabata iliyonse muziika dontho pa chiwerengero cha sabatayo. Lembani mzere wosonyeza chiwerengero chapakati pa ziwerengero zoyamba zija, ndipo pamene mwayamba kusintha chinthu ikanipo chizindikiro. Sabata imodzi yabwino isakusangalatseni msanga, ndipo imodzi yoipa isakufooketseni, popeza manambala amakwera ndi kutsika okha. Lamulo limene akatswiri amatsata ndi lakuti madontho asanu ndi limodzi otsatizana akakhala mbali imodzi ya mzerewo, kusinthako n'kwenikweni.

Amayi ndi magadiyani musawasiye kunja. Malangizo a WHO ndi akuti khanda lisasambitsidwe mpaka patatha maola 24, koma agogo ambiri amaona kuti mwana wosasamba ndi wosasamalidwa. Kuwakalipira sikuthandiza, afotokozereni kuchidikiro, mwana asanabadwe, ndipo afunseni chimene chikuwadetsa nkhawa.

Pomaliza konzekerani kuti anthu amasamutsidwa, ndipo ntchito imene yatsamira pa munthu mmodzi imatha iye akachoka. Zimene zatsimikizika kuti zikuthandiza zilembedwe patsamba limodzi lomatidwa m'chipinda chochilira, wogwira ntchito watsopano aliyense azisonyezedwa tsiku loyamba, ndipo chiwerengero cha ana ozizidwa chizitchulidwa popatsirana ntchito m'mawa. Gulu lizikumana kamodzi pa masabata awiri, nthawi ya ntchito, popanda kudikira alawansi. Tchati chikakhazikika pansi kwa miyezi itatu, pitirizani kuyeza mwezi ndi mwezi, ndipo gulu litenge vuto lachiwiri, monga kudzaza mokwanira patogirafu (pepala lolembapo momwe kubereka kukuyendera) kapena kubaya mayi oxytocin (mankhwala oteteza kutaya magazi ambiri) m'mphindi yoyamba mwana atabadwa.