Buku la DAT likakupatsani ansala yolakwika pa General Chemistry, muzitani?

Amene mukukonzekera DAT, mayeso aja a American Dental Association (ADA) amene munthu amalemba akafuna malo ku sukulu ya udokotala wa mano ku America, mukudziwa kale kuti gawo la sayansi lili ndi mafunso 100 mu mphindi 90, ndipo 30 mwa amenewo ndi a General Chemistry. Kalikyuleta pagawo limeneli kulibe, amangokupatsani periodic table basi. Nde mukaloweza cholakwika kuchokera m'buku lokonzekera mayeso, tsiku lenilenilo mulibe mpata woti muchikayikire, mungodina n'kupita pa funso lina. Mabuku amenewa amalakwitsa ndithu, ngakhale odula omwe, ndipo zimandiwawa kuona munthu wapeza ansala yolondola koma n'kuyifuta chifukwa choti kumapeto kwa buku alemba zina.

Ansala yanu ikasiyana ndi ya m'buku, musathamangire kunena kuti buku lalakwitsa, nthawi zambiri wolakwa ndi wowerenga. Tsekani tsamba la maansala, werenganinso funso mwachifatse, sovaninso kuyambira pachiyambi papepala latsopano. Pa STP (tempericha ndi presha zimene amazitenga ngati muyezo) mwachitsanzo, mabuku ambiri a DAT amati mole imodzi ya gasi imatenga malita 22.4, zomwe ndi zoona pa 273 K ndi 1 atm, koma IUPAC, bungwe lapadziko lonse loika miyezo ya chemistry, inasintha mu 1982 n'kuika presha ya 1 bar ndipo pamenepo ndi malita 22.7. Mukaona manambala awiriwa palibe wanama, onani presha imene funso latchula.

Kenako tsatani mayuniti mzere ndi mzere, chifukwa apa mpomwe olemba mabuku amaterereka kwambiri. R, gas constant ija, ili pawiri, 0.0821 mukamagwiritsa ntchito malita ndi atm, 8.314 mukamakamba za ma joule, ndipo kafotokozedwe ka ansala kakasakaniza ziwirizi zonse zimapita m'madzi. Chimodzimodzi ΔG = ΔH − TΔS, poti ΔH imabwera mu kJ pomwe ΔS imabwera mu J/K. Tengani N2 + 3H2 → 2NH3, ΔH ndi pafupifupi −92 kJ, ΔS pafupifupi −199 J/K, pa 298 K ndiye TΔS ndi cha m'ma −59 kJ ndipo ΔG ikutuluka cha m'ma −33 kJ. Buku likakupatsani nambala yofika masauzande pamenepa dziwani kuti wina anaiwala kugawa ndi 1000. Tempericha nayo, mu fomula ya gasi ikhale mu Kelvin nthawi zonse.

Pali malo ena amene ndimati muziwayang'ana ndi maso awiri ngakhale ansala yanu ndi ya buku zagwirizana, chifukwa nonse mutha kulakwa limodzi. Chromium ndi [Ar] 4s1 3d5, copper ndi [Ar] 4s1 3d10, sizitsatira ndondomeko ija mwaloweza. Fe2+ ndi [Ar] 3d6, ma electron a 4s ndi amene amayamba kuchoka, nde mukaona 4s2 3d4 imeneyo ndi yolakwika kaya yalembedwa ndi ndani. Zithunzi za mivi pa periodic table nazo zimanamiza, zimati ionization energy imangokwera kupita kumanja koma ya nitrogen imaposa ya oxygen, ya beryllium imaposa ya boron, ndipo pa electron affinity chlorine imaposa fluorine. Oxygen mu H2O2 ndi −1, osati −2. HF ndi asidi wofooka ngakhale anzake HCl, HBr ndi HI ali amphamvu.

Equilibrium ndi electrochemistry ndiye kuli zambiri. Catalyst imangofulumizitsa zinthu, siyisintha equilibrium constant K. Kuthira inert gas ngati argon popanda kusintha voliyumu sikusuntha equilibrium. Ksp (solubility product) ya CaF2 ndi 4s³, s kukhala solubility yake, chifukwa calcium ndi s, fluoride ndi 2s ndipo 2s ameneyo timamuchulukitsa ndi 2s mnzake, ndiye ansala ikakhala s² kapena 2s³ bwererani muwerengetsenso. Mukachulukitsa half-reaction ndi 2 kuti ma electron afanane, E°, voteji yake ija, simuyichulukitsa ayi, selo ya zinc ndi copper ndi 0.34 kuchotsa −0.76, kutuluka 1.10 V. Ndipo anode ndi pomwe pamachitika oxidation nthawi zonse, koma chizindikiro chake chimasintha, ndi negative mu galvanic cell, positive mu electrolytic cell, buku likangolemba kuti anode ndi negative osanena selo yake lakuuzani theka chabe.

Chida china chomwe sichifuna fomula ndi kudzifunsa kuti kodi ansalayi ikumveka? HCl wa 10⁻⁸ M sangakhale ndi pH 8, asidi angasanduke bwanji base chifukwa chomuthira madzi? Madziwo nawo amapereka H+ wawo ndiye pH imakhala cha pa 6.98.

Mukasova kawiri koma kukayika kukadalipo, musakafunse buku lina la chidule, nthawi zina amakoperana zolakwika zomwezo. Tsegulani buku lenileni la chemistry la chaka choyamba ku koleji, kapena funsani aphunzitsi anu, muwaonetse funso ndi masitepe anu onse osati ansala yokha. Onaninso ngati osindikiza anatulutsa mndandanda wa zokonza, ena amauika pa webusaiti yawo, koma samalani kuti ukhale wa edishoni yomwe muli nayoyo. Edishoni ndi nkhani ndithu, kuyambira pa 1 March 2025 malikisi a DAT anachoka pa sikelo ya 1 mpaka 30 n'kupita pa 200 mpaka 600, nde buku lomwe likukambabe za sikelo yakale mudziwiretu kuti ndi lakale, ndipo za mayeso enieniwo dalirani zomwe a ADA eni ake alemba.

Mukatsimikiza kuti buku ndi lomwe lalakwa, konzani ndi cholembera chofiira pomwepo ndipo lembani chifukwa chake m'mbali, mukonzenso pa makadi anu oloweza ngati munakopera kale, chifukwa pakatha milungu itatu mudzakhala mutaiwala kuti yolondola inali iti. Atumizireni osindikiza imelo yokhala ndi nambala ya tsamba, nambala ya funso, edishoni ndi masitepe anu, muwauzenso anzanu amene mukuwerenga nawo buku lomwelo asanaloweze.